Funsani Wojambula: Kamera ndaipeza, nanga ndalama yatsalayi ndigulire chiyani?

Funso: Akulu ojambula, ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Zomba. Achimwene anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anditumizira kamera yogwirapo kale ntchito, Sony a6000, ya mtundu uja mumati mirrorless. Yabwera ndi lenzi imodzi yolembedwa 16-50mm, batire limodzi ndi kachingwe kotchajira, basi. Pa holide ya Tsiku la Anakubala, ine ndi amayi anzanga a kutchalitchi tikupita ku Liwonde kukaona nyama, kenako tikagona ku Cape Maclear. Mnyamata wina wogulitsa katundu pa WhatsApp akunditsatsa phukusi lathunthu: chikwama, thiraipodi, mafyuluta atatu, flashi, khadi la 128GB ndi kagalasi komangirira kutsogolo kwa lenzi kakuti kamakokera zinthu zakutali pafupi. Akuti zonsezo mtengo umodzi, ndipo ndalama imene ndasungira ulendowu ikukwanira ndendende. Ndigule? *Mphunzitsi, Zomba*

Yankho: Aphunzitsi, musagule. Phukusi limenelo ndalionapo kambirimbiri m'manja mwa anthu amene angoyamba kumene kujambula, ndipo nthawi zonse nkhani yake imakhala imodzi: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa zinthu zonse mwatchulazo, chimene mungadzachigwiritse ntchito chaka chamawa ndi chikwama chokha, mwina. Kagalasi kokokera zakutali kaja kamawononga chithunzi, m'mbali mumatuluka mbuu. Thiraipodi ya m'maphukusi otere imanjenjemera ngakhale mphepo ili yochepa. Flashi muli nayo kale, imatumphuka pamwamba pa kamera yanuyo mukadina kabatani kake. Za khadilo ndinena bwino kutsogoloku, chifukwa ndi limene lingakulizeni.

Achimwene anu anasankha bwino. Kamera imeneyi inatuluka mu 2014, koma mpaka lero imajambula zithunzi zoti mutha kutsukitsa zazikulu n'kupachika pabalaza. Vuto lake lalikulu ndi limene makamera ambiri a mirrorless ali nalo: imadya batire. Makamera akale aja a DSLR munthu amasuzumira pagalasi lenileni, losafuna moto. Yanuyi, chilichonse chimene mukuona, kaya pasikirini ya kumbuyo kaya pa kadiso kosuzumirapo, ndi chithunzi chimene sensa, kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera, ikutumiza nthawi yomweyo. Ndiye kuti kamera ikangoyaka, batire layamba kale kutha, mujambule kapena musajambule. Batire lake ndi NP-FW50, ndipo eni ake amati limajambula zithunzi pafupifupi 360 likakhala latsopano. Lanulo si latsopano. Onjezani amayi anzanu amene aliyense azidzati "taonetseni mmene ndatulukira", mupeza kuti pofika masana ku Liwonde, njovu zikutsikira kumtsinje wa Shire, inu kamera yathima.

Choncho ndalama yoyamba ipite ku batire lachiwiri, ndipo ngati ingalole, lachitatu. La Sony lenileni ndi lokwera mtengo. Alipo a makampani ena amene amagwira bwino ntchito pa mtengo wotsika, ngakhale sakhalitsa ngati lenilenilo. Ine ndimawagwiritsa ntchito, koma ndimawayang'anira. Batire likayamba kutupa, kapena likamavuta kutuluka m'kamera, lisiyeni tsiku lomwelo. Musakhulupirirenso manambala akuluakulu olembedwa pa mabatire otchipa. Lenileni limalembedwa 1020mAh, ndiye mukaona kabatire ka msinkhu womwewo kakudzitama kuti n'ka 2000 ndi kuposa, dziwani kuti inki ndi yotchipa.

Pamodzi ndi batirelo gulani katchaja kakang'ono kotchajira mabatire awiri nthawi imodzi, kolumikiza ndi chingwe cha USB. Ichi ndiye chinthu chimene ndimachikonda kuposa zonse m'chikwama changa. Mmene zililimu, kuti mutchaje batire ndiye kuti kamera yonse ikhale pasoketi, osagwira ntchito. Mukakhala ndi katchajako, mabatire awiri akudya moto m'chipinda, inu muli kunja ndi lachitatu. Kuwonjezera apo, kamalandira moto kuchokera ku power bank ya foni, m'galimoto, ngakhale pa sola. Inu ndi ine tikudziwa kuti magetsi kwathu kuno sapangana ndi munthu. Ngati achimwene anu ndi amene akagule zimenezi ku Johannesburg, auzeni asatenge tchaja ya pakhoma ya kumeneko. Mapulagi a ku South Africa ndi a mano obulungira, pomwe masoketi athu ndi a mano atatu amakona anayi. Ya USB ilibe mkangano umenewo, mungoilumikiza ku mutu wa tchaja ya foni yanu.

Pali zina zosafuna ndalama. Lowani mu menyu muyatse Airplane Mode kuti kamera isamafunefune Wi-Fi. Ikani kuti izigona yokha pakatha mphindi imodzi. Ndipo amayi anzanuwo muwauze kuti zithunzi akaonera madzulo.

Tsopano khadi. Apa ndichedwepo, chifukwa batire likatha mumangotaya zithunzi zimene simunajambule, koma khadi likakhala lachinyengo mumataya zimene mwajambula kale. Makhadi a feki ali mbwee, ndipo amavala mayina a makampani odziwika, paketi yake yokongola kuposa ya orijino. Chinyengo chake chimayenda motere: khadi ndi la 8GB kapena 16GB, koma analikonza kuti liziuza kamera kuti ndi la 128GB. Tsiku loyamba zonse zili bwino. Malo ake enieni akadzaza, kamera imapitiriza kulemba osadandaula, koma zimene ikulembazo zikupita m'madzi, kapena zikufufuta zakale. Mumadzazindikira muli kunyumba, pamene mafayilo akukana kutseguka. Khadi la 128GB loperekedwa ngati basera pa phukusi lotchipa, ine sindingaikemo ngakhale zithunzi za nkhuku zanga.

Gulani m'sitolo yokhazikika imene ikupatseni lisiti, yoti mutha kubwererako. Mayina monga SanDisk, Lexar, Samsung ndi Kingston ndi abwino, bola likhale lenileni. Pakhadipo yang'anani chizindikiro cha V30 kapena U3, chimene chikutanthauza kuti silitsika pansi pa 30MB pa sekondi polemba. Kwa kamera yanu chimenecho n'chokwana ndi kutsala. Musalipire zambiri pa makhadi a UHS-II, aja okhala ndi mizere iwiri ya timano kumbuyo, chifukwa a6000 imawerenga mzere umodzi wokha. Ndipo m'malo mwa limodzi la 128GB, tengani awiri a 64GB kapena awiri a 32GB. Kamera yanu ili ndi malo a khadi limodzi, ndiye likafa, lisafe ndi ulendo wonse. Chithunzi chimodzi cha RAW, mtundu wa fayilo yaikulu yosapanikizidwa ngati JPEG wamba, pa kamera imeneyi chimadya pafupifupi 24MB, kutanthauza kuti khadi la 64GB limanyamula zithunzi zoposa 2,000, ndipo za JPEG zimalowa zochuluka kwambiri kuposa pamenepo.

Mukagula, liyeseni musanapite. Ngati kusukulu kwanu kuli kompyuta ya Windows, pali pulogalamu yaulere yotchedwa H2testw imene imadzaza khadi lonse kenako n'kuwerenga zimene yalembazo, ndipo ikuuzani kukula kwake kwenikweni. Ngati palibe, kopelanimo mavidiyo mpaka lidzaze, kenako mutsegule oyambirira ndi omalizira muone ngati akusewera. Mukatha, lifomateni m'kamera momwemo, osati pakompyuta. Timakhadi ta m'foni toika m'kachikuto timagwira ntchito, koma kachikutoko n'kosachedwa kuthyoka, ndiye ngati mukugula latsopano gulani lalikulu.

Chachitatu ndi fumbi. Mwezi wa Okutobala mukuudziwa: dzuwa likuswa mtengo, udzu wauma, msewu wa m'nkhalango ya Liwonde uli fumbi lokhalokha, ndipo ku Cape Maclear kukudikira mchenga. Kamera yanu sinamangidwe kuti izitchinga fumbi kapena madzi. Lenzi yanuyo ndi ya mtundu wotuluka ndi kubwerera yokha ndi kamota mukayatsa kapena kuthimitsa, ndipo mchenga ukalowa m'mphepete mwake, kamotako kamakakamira, lenzi n'kufa. Mufunika kampira kopopera mpweya, kaja kooneka ngati peyala, kansalu kofewa kopukutira magalasi, ndi thumba la pulasitiki lolimba lotseka ndi zipi. Zonsezi pamodzi sizifika mtengo wa batire limodzi. Poyeretsa lenzi, yambani ndi kupopera, kenako mupukute. Mukayamba ndi kupukuta, mchengawo ndi umene mukukhuta nawo galasi. Chitenje chanu kapena mkono wa bulauzi si zopukutira lenzi, ngakhale zili zochapa. M'galimoto kamera ikhale m'chikwama pamiyendo panu, osati padashibodi pomwe pali dzuwa. Pokwera boti, ilowe m'thumba la zipi kufikira mutakhala pansi bwinobwino. Ubwino wanu ndi wakuti lenzi muli nayo imodzi, ndiye palibe chifukwa choichotsera. Musaichotse, ngakhale wina atafuna kuona m'kati.

Chikwama musavutike nacho. Chapadera cha kamera, cholembedwa dzina lalikulu kunja, chimangouza akuba a m'depoti zimene zili m'katimo. Pali tizikwama tofewa ta siponji toika m'kati mwa chikwama chanu cha masiku onse, ndipo ngakhale thawulo laling'ono lokulungira limagwira ntchito. Lamba wa m'khosi ngati sanabwere naye, gulani, ndipo muboti azikhala m'khosi nthawi zonse.

Ikatsalako ndalama, pali fyuluta imodzi yokha imene ndingakulimbikitseni: polarizer, imene pamkombero pake pamalembedwa CPL. Ntchito yake ndi kuchotsa kunyezimira kwa pamwamba pa madzi. Ku Cape Maclear, eni maboti akakutengani kupita ku chilumba cha Thumbi, mukaona timbuna tamitundumitundu tikusambira pafupi ndi miyala, tinsomba timene tinachititsa kuti malo amenewa alowe m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Maso anu atiwona, koma kamera ijambula kuwala kwa dzuwa pamadzi basi. Mukamanga fyulutayi n'kumaizunguza pang'onopang'ono mukuyang'ana pasikirini, muona madzi akutseguka mpaka miyala ya pansi. Imagwira bwino dzuwa likakhala chakumbali kwanu, osati kumaso kapena kumsana. Zimenezi palibe pulogalamu ya pafoni imene ingakuchitireni mutajambula kale. Saizi ya lenzi yanu ndi 40.5mm, nambala imene yalembedwa kutsogolo kwake pafupi ndi kachizindikiro kozungulira kodulidwa pakati. Madzulo muziichotsa, chifukwa imachepetsa kuwala kolowa.

Ndikuuziretuni chimodzi kuti musakakhumudwe. Lenzi ya 16-50mm ndi ya anthu, malo ndi nyama zazikulu zimene zili pafupi. Njovu ndi mvuu za pa Shire mukazipeza bwino, makamaka muboti. Koma nkhwazi ija imene anyamata a maboti amaiimbira likhweru n'kuiponyera nsomba ikatuluka kakang'ono pachithunzi, ndipo mbalame za m'mitengo ziiwaleni. Mankhwala ake si kagalasi ka mnyamata wa pa WhatsApp uja. Ndi lenzi ya 55-210mm, imene imapezeka yogwirapo kale ntchito pa mtengo wabwino ku South Africa. Imeneyo mudzawanong'oneze achimwene anu akamabwera pa Khirisimasi.

Funso: Bambo, ndinapita ku Nyika mu Julaye ndi kamera yanga ya Canon EOS M50. Ndili ndi malenzi awiri ndipo ndinkasinthasintha m'njira. Nditabwerako ndaona kuti zithunzi zonse za mitambo ndi mapiri zili ndi timadontho takuda, pamalo amodzimodzi. Lenzi ndapukuta mpaka kutopa koma sitikuchoka. Mnzanga akuti kamera yapsa. Kodi ndi zoona? *Wachinyamata wa ku Chibavi, Mzuzu*

Yankho: Mphwanga, kamera sinapse, ndipo lenzi musiyeni apume. Fumbi la pa lenzi kawirikawiri silioneka pachithunzi. Timadontho tokhala pamalo amodzimodzi, lenzi iliyonse imene mwamanga, ndi fumbi la pasensa. Mu kamera ya mirrorless, mukangochotsa lenzi sensa ili pamtetete, palibe galasi lija la m'makamera a DSLR loti liime patsogolo pake. Msewu wochokera ku Rumphi kukwera ku Chelinda nthawi ya chilimwe ndi wafumbi, ndiye kusintha kulikonse kumene munachita m'njiramo kunali kuitana alendo.

Kuti mutsimikize, ikani kamera pa Av, pamene mumasankha nokha kukula kwa kabowo ka lenzi kolowetsa kuwala, mukatsekere kufika f/22, mujambule kumwamba kopanda mitambo kapena pepala loyera. Timadontho tonse tionekera poyera. Mukatsegula kufika f/4 kapena f/5.6 tizimiririka, n'chifukwa chake pazithunzi za anthu m'nyumba simutiona. Dziwaninso kuti chithunzi chimafika pasensa chozondoka, ndiye kadontho kamene kali pamwamba pachithunzi kali m'munsi mwa sensa.

Yambani ndi kampira kopopera mpweya. Lowani m'chipinda chopanda mphepo, chotsani lenzi, kamera iyang'ane pansi kuti fumbi ligwe, mupope kangapo mphuno ya kampirako isakugunda kalikonse m'katimo. Jambulaninso pepala lija. Nthawi zambiri nkhani imathera pomwepa. Musauzire ndi pakamwa, chifukwa malovu akauma pasensa amasiya banga lovuta kuposa fumbi. Musayerekeze kugwiritsa ntchito mpweya wa kompuresa ya matayala kapena wa m'chitini, thonje la m'makutu, kapena burashi ya penti.

Tikakanirira, ndiye kuti pafunika kupukuta ndi timitengo tapadera ta sensa, timene timagulitsidwa ndi kabotolo ka mankhwala ake. Saizi yanu ndi APS-C. Kamtengo kalikonse kamabwera m'paketi yakeyake ndipo kamagwira ntchito kamodzi. Mumadonthezapo dontho limodzi kapena awiri, n'kukoka kuchokera mbali ina kufika mbali ina mosadukiza, mosakanikiza, n'kutembenuza, n'kubwerera, n'kukataya. Chimene mukupukuta ndi galasi lotchinga sensa, osati sensa yeniyeniyo, choncho si ntchito yoopsa monga anthu amaiopera, bola mwayamba mwapopera kuti pasakhale mchenga. Ngati manja anu amanjenjemera, pitani nayo kwa wojambula wamkulu wa pasitudiyo amene amayeretsa zake yekha, mukaonerere ulendo woyamba. Kwa okonza mafoni musapite nayo.

Zithunzi za ku Nyika zija sizinatayike. Pulogalamu monga Snapseed kapena Lightroom ya pafoni ili ndi chida chofufutira timadontho, ndipo pamtambo chimagwira bwino kwambiri. Ulendo wina, sinthani lenzi m'galimoto mawindo ali otseka, kamera ili yothimitsa komanso yoyang'ana pansi, lenzi inayo mutaikonzeratu m'dzanja. Poti mumakhala ku Mzuzu kumene mvula ndi nkhungu sizisowa, ndiwonjezere ichi: chinyezi chimameretsa chuku m'kati mwa malenzi, tiulusi toyera tonga ukonde wa kangaude, ndipo chikakhazikika chimadya galasi. Musamasunge kamera m'chikwama chotseka pansi pa bedi miyezi yonse ya dzinja. Ikani m'kontena ya pulasitiki yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, tija timabwera m'mabokosi a nsapato ndi a mankhwala, ndipo muzitiyanika padzuwa lamphamvu nthawi ndi nthawi.

Funso: Akulu, ndikukonzekera kukwera Mulanje mpaka pa Sapitwa. Ndikufuna zithunzi za nyenyezi ndi za mathithi zija madzi amaoneka ngati thonje. Kodi thiraipodi ndi yofunikadi? Katundu wandichulukira kale. *Wokwera mapiri, Limbe*

Yankho: Achimwene, pa zithunzi ziwiri mwatchulazo kamera iyenera kukhala chilili osagwedezeka, ndiye chokhazikapo chikufunika. Koma si nthawi zonse chiyenera kukhala cha miyendo itatu yaitali. Sapitwa ndi mamita 3,002, ndipo chigawo chomaliza kuchokera ku nyumba ya Chisepo ndi chokwawa pamiyala ndi manja omwe. Thiraipodi yolimba ndi yolemera komanso yodula, pomwe yopepuka yotchipa mphepo ya pamwambapo iigwetsa pamodzi ndi kamera yanu. Ine ndingatenge kathiraipodi ka patebulo, kotalika ngati chikhatho ndi theka, kachitsulo, kokhala ndi mutu wozungulira. Miyala yoikapo ku Mulanje simungaisowe. Bowo la pansi pa kamera ndi la saizi imodzi pafupifupi pa makamera onse, ndiye kalikonse kalowa. Ngati nako kakukulirani mtengo, thirani mpunga kapena nyemba m'sokosi yolimba, mumange. Kamera imakhala bwino pamenepo, mumaipendeketsa mmene mukufunira, ndipo tsiku lomaliza mpungawo muphika.

Rimoti musagule. Ikani kamera kuti izijambula pakatha masekondi awiri mutadina, dzanja lanu litachokapo. Pa nyenyezi, lenzi ikhale pa nambala yake yaing'ono ya mm, kabowo kotsegula mpaka mapeto, ISO (mphamvu ya kamera yomva kuwala) 1600 kapena 3200, ndipo kamera ilandire kuwala masekondi 15 kufika 20. Mukapitirira pamenepo nyenyezi ziyamba kukoka michira chifukwa dziko likuzungulira. Fokasi ikani ndi dzanja pa nyenyezi yowala kwambiri, chifukwa mumdima kamera siipeza yokha. Sankhaninso masiku amene mwezi suli kumwamba.

Pa mathithi, yeserani pa Dziwe la Nkhalamba ku Likhubula musanayambe chikweza chenicheni. Mufunika kamera ilandire kuwala kwa kotala la sekondi kufika sekondi imodzi. Masana dzuwa lili pamutu chithunzi chiyera mbee, ndiye pitani m'mawa kwambiri kapena kukakhala mitambo, ISO 100, f/11 kapena f/16. Mukakhala ndi polarizer ikuthandizani kuchepetsa kuwala ndi kuchotsa kunyezimira kwa miyala yonyowa, moti fyuluta ya ND, yakuda yongochepetsa kuwala, mutha kuyamba mwaidikira.

Chimene chingakugwetseni mphwayi kuphiriko ndi batire, osati thiraipodi. M'nyumba za pamwambapo musayembekezere soketi, ndipo kuzizira kumafoola mabatire msanga. Osagwiritsa ntchito aziyenda m'thumba la m'kati mwa jekete, usiku agone nanu m'chofunda. Chiperoni chikakupezani, thumba la pulasitiki loboola pa lenzi ndi labala yomangira zikwana.

Funso: Malume, ndimakhala ku Manchester ndipo mu Disembala ndikubwera kudzaona agogo kumudzi ku Ntchisi, kumene kulibe magetsi koma kasola kakang'ono kotchajira mafoni. Ndagula Canon EOS R50. Ndigule chiyani kuno ndisananyamuke, nanga mabatire amaloledwa m'ndege? *Mdzukulu wa ku Ntchisi*

Yankho: Mphwanga, muli ndi mwayi umodzi: masoketi a ku Britain ndi a kwathu kuno ndi amodzi, mphamvu ya magetsi ndi 230V konsekonse, ndiye tchaja yanu igwira ntchito m'tauni popanda chosinthira. Kumudzi ndi kumene kukufunika nzeru. Kamera yanu imatchajika kudzera pa USB-C, koma imasankha: imafuna moto wa mtundu wa Power Delivery, umene umalembedwa PD. Kasola ka agogo n'kokayikitsa kuti kali ndi zimenezo, ndipo mukalumikiza kamera ingokhala duu. Gulani power bank ya 20,000mAh yolembedwa PD, ndi chingwe cha USB-C mbali zonse ziwiri. Gulaninso katchaja ka USB ka mabatire a LP-E17, chifukwa ikako sikasankha, kamadya moto uliwonse, wa sola womwe. Mabatire a makampani ena pa Canon imeneyi nthawi zambiri saonetsa bwino moto wotsala, kamera imangothima mwadzidzidzi, ndiye pa nthawi yofunika, monga agogo akamalandira zidzukulu, ikani lenileni. Kumbukiraninso kuti kasolako ndi ka banja lonse ndipo Disembala ndi wa mitambo. Mukafika ndi power bank yodzaza kale, simukalimbirana ndi mafoni a abale anu.

M'ndege, mabatire apadera ndi power bank amayenda m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi yopita pansi. Malire a masiku onse ndi 100Wh pa batire limodzi. Power bank ya 20,000mAh ili pafupifupi 74Wh, ndipo batire la kamera yanu silifika ngakhale 10Wh, ndiye muli bwino. Timano ta batire lililonse mutitseke ndi kachivindikiro kake kapena tepi kuti tisagundane ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo. Makampani ena a ndege akhwimitsa malamulo a power bank, ena salola kuigwiritsa ntchito m'ndegemo, choncho werengani malamulo a ndege iliyonse imene mukwere, poti mudzasintha ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg musanatere ku Lilongwe.

Makhadi gulani komweko m'sitolo yodziwika, a V30, popeza kamera yanu imajambula vidiyo ya 4K imene imadya malo kwambiri. Tenganinso kowerengera khadi kolumikiza ku foni, kuti madzulo aliwonse zithunzi zabwino muzizikopera, zikhale pawiri. Ngati mukufuna kujambula agogo akusimba mbiri ya banja, ndalama imene mukanagulira thiraipodi yaikulu igulireni kamaikolofoni kokoloweka pamalaya. R50 ili ndi bowo lake, ndipo mawu a agogo adzamveka pamwamba pa atambala ndi ana osewera pabwalo.

Kwanu ndi kwa Achewa, ndiye mutha kukumana ndi gule m'njira kapena pamwambo. Kamera ikhale pansi kufikira amalume anu kapena amfumu atakuuzani kuti mutha kujambula, ndipo akakana, zathera pomwepo. Amayi a pachitsime ndi ana a eni ake nawonso muziyamba mwapempha. Mukafika ku Lilongwe pobwerera, tsukitsani zithunzi za agogo ndi za anthu amene munawajambula, mupatsire wina wopita kumudzi, chifukwa pa WhatsApp agogo sakaziona.

*Mafunso a mwezi wamawa akhale okhudza kujambula maukwati ndi zinkhoswe. Potumiza, tchulani mtundu wa kamera ndi lenzi zimene muli nazo.*